Nthunzi yotuluka mu injini: kodi ingabwerere m'boila?

Funso la lero lachokera kwa makaniko wina wa ku Nkhotakota amene ali ndi makina opunthira mpunga. Iye akuti: "Dizilo wandikwana, pomwe mankhusu angounjikana kuseri kwa shedi. Ndikuganiza zopeza injini ya nthunzi kuti ndizisonkhezera mankhusuwo. Koma ndikaona zithunzi za injini zimenezi, nthunzi imangofuka pa chumuni n'kupita. Kumeneku si kuwononga? Bwanji osaika paipi yoibwezera m'boila kuti igwirenso ntchito?"

Achimwene, maso anu sanakunamizeni. Chimene chimafuka pa chumunicho ndi kutentha kumene moto wanu wavutikira, ndipo ndi gawo lalikulu kwambiri la kutenthako. Koma paipi yobwerera m'boila, chotengera chija chowiritsiramo madzi kuti asanduke nthunzi, siingathandize. Ndifotokoza chifukwa chake mofatsa, pakuti mukachigwira bwino mudzaona nokha kumene nthunziyo iyenera kulowera.

Tiyambire pa mtsinje wa Shire. Madzi amene azunguza makina a magetsi pa Nkula satayidwa ayi. Amatsetsereka n'kukazunguza ena pa Tedzani, kenako pa Kapichira, ndipo akafika kuchigwa amathirira nzimbe ku Nchalo. Madzi omwewo, ntchito zinayi. Koma simunamvepo kuti wina akuwatunga pa Kapichira n'kuwakweza kubwerera ku Nkula kuti akapangenso magetsi. Mphamvu yowakwezera ingapose magetsi amene angapange potsikanso. Nthunzi nayo ili ndi chitunda chake, ndipo chitundacho ndi pulesha. M'boila yaing'ono nthunzi ingakhale pa 10 bar, kuposa kanayi mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, itatentha madigiri 180. Ikakankha pisitoni n'kutuluka, imakhala yatsikira pa 1 bar, mofanana ndi mpweya wa panja, pa madigiri 100. Ndiye mukalumikiza paipi yanu ija, yotopayo siingalowe m'boila. Ya m'boila ndiyo ingathamangire m'paipimo, n'kuyamba kukankha pisitoni mbali zonse ziwiri, injini n'kuima zii.

Mwina mukuti: ndiye tiikepo kompuresa yoti iziikankhira mkati mokakamiza. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Kilogalamu imodzi ya nthunzi ikamatsika kuchoka pa 10 bar kufika pa 1 bar, ntchito imene ingapereke, injini itakhala yopanda chilema chilichonse, ndi pafupifupi 390 kJ (kJ ndi muyeso wa mphamvu, kaya ya ntchito kapena ya kutentha). Kuipanikiza kuti ibwerere pa 10 bar kumafuna 390 kJ yomweyo, kompuresa nayo itakhala yopanda chilema. Popeza makina otero kulibe, mumalipira zambiri kuposa zimene munalandira. Koma tayang'anani izi. Nthunzi ikasanduka madzi imachepa kwambiri: malita pafupifupi 1,700 a nthunzi amabwerera kukhala lita imodzi ya madzi. Kukankhira lita imodziyo m'boila ya 10 bar kumangofuna pafupifupi 1 kJ. Kapampu kakang'ono kakwanitsa. N'chifukwa chake mu injini za nthunzi, kuyambira zakalekale mpaka malo opangira magetsi a masiku ano, chimene chimakankhidwira m'boila ndi madzi, osati nthunzi yotopa.

Vuto lagona pa kusandukako. Kutenthetsa kilogalamu ya madzi kuchoka pa madigiri 20 mpaka awire kumadya pafupifupi 335 kJ. Kuwaphwetsa onse kuti akhale nthunzi kumadya 2,257 kJ inanso, pafupifupi kasanu ndi kawiri, madigiri osakwera ngakhale imodzi. Kutentha kumeneku kumabisala m'nthunzimo, ndipo kumaonekera pokhapokha nthunzi ikamabwerera ku madzi. Amene anaimapo pophikira kachasu akudziwa: paipi imadutsa m'madzi ozizira, ndipo madziwo sachedwa kutentha moti amasinthidwa pafupipafupi, chikhalirecho chimene chikudontha m'botolo n'chochepa. Ndi chifukwa chomwechi nthunzi ya pa mphika imawotcha moopsa kuposa madzi owira. Tsono nthunzi yotuluka mu injini yanu yataya mphamvu yokankha, koma kutentha kobisikaku ikadali nako pafupifupi konse. Funso lenileni n'lakuti kutenthako mukupatsa ndani.

Anthu akhala akulimbana nalo funsoli kwa zaka zoposa 250. Injini ya Thomas Newcomen, imene inayamba kupopa madzi mu mgodi wa malasha kufupi ndi Dudley ku England mu 1712, inkaziziritsa nthunzi mkati mwa silinda momwemo pothira madzi ozizira. Pisitoni ikangoyenda kamodzi silinda yazizira, nthunzi yatsopano n'kuyamba yatenthetsa chitsulo isanagwire ntchito. Pa kutentha 100 kwa malasha, kofika ku ntchito sikunkakwana ndi 1 yomwe. James Watt, akukonza kachitsanzo ka injini imeneyi pa yunivesite ya Glasgow, anazindikira mu 1765 kuti nthunzi izikazizirira m'chotengera china chapadera, silinda izikhala yotentha nthawi zonse. Chotengeracho ndi chimene timati condenser. Analembetsa luso lakeli mu 1769. Malasha ofunika anatsika kwambiri moti iye ndi mnzake Matthew Boulton, pogulitsa injini ku migodi ya ku Cornwall kumene malasha ankachokera kutali, ankalipiritsa eni migodi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za malasha amene apulumutsa, eni migodiwo n'kutsalabe ndi phindu.

Condenser imachita zinthu ziwiri. Imakubwezerani madzi oyera ndi ofunda, komanso imakumba chigwa kuti chitunda chija chitalike. Nthunzi ikazizirira m'chotengera chotseka pa madigiri 46, pulesha mmenemo imatsika kufika pa 0.1 bar, ndiye pisitoni imakankhidwa kumbuyo kwake kwinaku ikukokedwa kutsogolo kwake. Ntchito ya pa kilogalamu ija imachoka pa 390 kJ kufika pafupifupi 690 kJ, moto uli womwewo. Ndi ngati mwapeza mathithi ena kunsi kwa Kapichira.

Njira ina inali yotsata Shire ndendende: nthunzi yotuluka mu silinda yaing'ono kulowa mu silinda yokulirapo, kenako ina yokulirapo kuposa pamenepo, popeza nthunzi ikamatsika pulesha imafufuma. Jonathan Hornblower anayamba nazo mu 1781, Arthur Woolf n'kuzikonza bwino mu 1804, koma kumene zinapindulitsa kwambiri ndi pa nyanja, poti malasha alionse amene sitima yasenza amalanda malo a katundu. Pofika m'ma 1880 sitima zazikulu zinkayenda ndi injini zodutsitsa nthunzi katatu. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi Titanic, imene inamira mu 1912. Inali ndi injini ziwiri za mapisitoni zodutsitsa nthunzi katatu, ndipo nthunzi yotuluka mmenemo, itatsika kale kuposa mpweya wa panja, inkalowa mu turbine (gudumu la mapiko lozunguzidwa ndi nthunzi) ya mtundu wa Charles Parsons yozunguza chopalasira chapakati. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yonse ya sitimayo linkachokera ku nthunzi imene inali itagwira kale ntchito katatu. Tikadali pomwepa, dzina loti sitima limene tonse timatchulali linachokera ku liwu la Chingerezi la zombo zoyendera nthunzi, monga Ilala yoyamba imene inalowa m'nyanja ya Malawi mu 1875.

Sitima za pamtunda zinatenga njira yosiyana, ndipo zithunzi zimene munaona mwina ndi za zimenezi. Nthunzi yofuka pa chumuni cha mutu wa sitima sikuti ikungotayidwa. Imatulukira pa kamwa yopapatiza pansi pa chumuni, ndipo liwiro lake limakoka utsi, moto n'kumayaka mwaukali ngati pali mvukuto. Richard Trevithick anaziona zimenezi mu 1804, ndipo mutu wa sitima wotchedwa Rocket, wa a Stephenson, unapambana nazo mpikisano wa ku Rainhill ku England mu 1829. Ubwino wake ndi woti sitima ikamakwera mtunda n'kumadya nthunzi yambiri, moto nawo umakula wokha. Kuipa kwake ndi koti kamwa ikapapatiza kwambiri nthunzi imavutika kutuluka ndipo imabweza pisitoni. Kulikonse kumene mukutumiza nthunzi yotuluka, muzikumbukira zimenezi: chilichonse choitsekereza panjira chikudya mphamvu ya injini.

Ku South Africa kunachitika zinthu zoyandikira kwambiri maganizo anu. Njanji yodutsa m'chipululu cha Karoo, cha ku Beaufort West ndi De Aar, inali ndi vuto la madzi. Kuyambira 1953 kampani ya njanji ya dzikolo inabweretsa mitu ya sitima 90 ya gulu la Class 25, yopangidwa ndi Henschel ya ku Germany ndi North British ya ku Glasgow. Nthunzi yake sinkatuluka pa chumuni. Inkadutsa m'chipaipi chachikulu kupita ku ngolo yaitali ya kumbuyo, yodzaza timapaipi, kumene mafani asanu a padenga ankaiziziritsa ndi mphepo mpaka isanduke madzi obwerera m'boila. Mafaniwo ankazunguzidwa ndi nthunzi yomweyo. Popeza pa chumuni panalibenso chokoka utsi, anaikapo fani ina, ndipo m'malo mwa kaphokoso kaja ka tchu-tchu-tchu sitimazi zinkalira mosalekeza ngati mluzu. Madzi ankapulumuka mpaka 90 pa 100 alionse, ndipo zinkatha kuyenda makilomita 800 osamwa. Koma cholinga chinali madzi, osati kuwonjezera mphamvu, ndipo mtengo wake unali ntchito yokonza yosatha: tinyenyeswa ta malasha tinkadya mapiko a fani ya pa chumuni, ndipo oyilo wa m'masilinda ankayenera kusefedwa asanafike m'boila. M'ma 1970 pafupifupi zonse anazichotsa zoziziritsirazo.

Tsopano tibwere pa shedi yanu. Condenser ya mtundu wa Watt sindingakulangizeni. Imafuna pampu yochotsa mpweya, malumikizidwe osadontha ngakhale pang'ono, ndi madzi ozizira ochuluka zedi oyenda tsiku lonse. Pa injini yaing'ono mavuto ake amaposa phindu. Masilinda awiri kapena atatu nawonso amayamba kupindulitsa pulesha ikakhala yokwera kuposa imene boila yaing'ono iyenera kusenza.

Chimene mungachite mosavuta ndi kutenthetsa madzi olowa m'boila. Paipi ya kopa yopindapinda muidutsitse m'chotengera chimene nthunzi yotuluka ikudutsamo, madzi ozizira aziyenda mkati mwa kopayo. Madzi olowa pa madigiri 20 angafike m'boila ali pa 85 kapena 90. Kuwerengera kwake n'kosavuta: kilogalamu ya madzi a madigiri 20 imafuna pafupifupi 2,700 kJ kuti ikhale nthunzi ya 10 bar, ndipo mukawatenthetseratu mpaka 90 mwachotsapo pafupifupi 290 kJ. Mankhusu 10 kapena 11 pa 100 alionse apulumuka. Anthu a maboila amangoti madigiri 6 alionse owonjezera pa madzi olowa ndi 1 pa 100 wa nkhuni. Boila nayo imapuma, chifukwa chitsulo chotentha chikamathiridwa madzi ozizira tsiku ndi tsiku chimafooka m'malumikizidwe.

Zinthu ziwiri musaphonye. Chotenthetseracho chikhale pakati pa pampu ndi boila, osati pampu isanafike, chifukwa pampu ikamayamwa madzi otentha kwambiri amawirira mkati mwake ndipo imasiya kukoka. Chachiwiri ndi oyilo. Nthunzi yochokera mu silinda imatenga oyilo wopaka pisitoni. Oyiloyo akalowa m'boila amachititsa thovu, ndipo amamata pa chitsulo n'kutchinga kuti madzi asachiziziritse, chitsulo n'kupsa mpaka kutupa. Ndiye nthunzi ndi madzi olowa zisasakanikirane, zizingopatsirana kutentha kudzera m'khoma la paipi. Madzi odontha kuchokera ku nthunziyo musawabwezere m'boila mulibe sefa yodalirika ya oyilo, ngakhale aoneke oyera bwanji.

Koma taonani masamu aja kachiwiri. Kutenthetsa madzi olowa kumangodya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a nthunzi yotuluka. Magawo asanu ndi limodzi akadali m'manja mwanu. Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo amene anaionetsa bwino ndi anthu a shuga.

Norbert Rillieux anabadwira ku New Orleans mu 1806, mayi ake anali munthu wakuda womasuka, ndipo uinjiniya anaphunzirira ku Paris. Masiku amenewo shuga ku Louisiana ankaphikidwa m'miphika yotsegula, akapolo akutunga madzi a nzimbe owira kuchoka mumphika wina kuthira mu wina, ambiri n'kumapsa, nkhuni n'kumatha mulu ndi mulu. Rillieux anagwiritsa ntchito mfundo yoti pulesha ikatsika madzi amawira asanatenthe kwambiri. Pamwamba pa Sapitwa ku Mulanje, pa mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90. Iye anandandalika miphika yotseka, uliwonse wokhala ndi pulesha yotsika kuposa wa m'mbuyo mwake. Nthunzi yochokera ku madzi a nzimbe a mumphika woyamba imawiritsa wachiwiri, ya wachiwiri n'kuwiritsa wachitatu. Analembetsa lusoli mu 1843 ndi 1846. Miphika ikakhala inayi, kilogalamu imodzi ya nthunzi imaphwetsa madzi pafupifupi makilogalamu anayi. Fakitale ya shuga ya masiku ano, monga za ku Nchalo ndi Dwangwa kwanu komweko kapena ya Nakambala ku Mazabuka ku Zambia, imayenda motere: bagasi, zotsala za nzimbe zofinyidwa, amasonkhezera maboila, nthunzi yamphamvu imazunguza ma turbine a magetsi ndi a makina, yotuluka mmenemo, ili cha pa madigiri 120, imapita kukaphwetsa madzi a nzimbe motsatizana, ikasanduka madzi imabwerera m'boila. Madzi a nzimbe ndiwo akugwira ntchito ya condenser, ndipo kutentha kumene kukanatayika ndiko kukupanga shuga. Turbine payokha siinawonjezere luso lililonse, koma fakitale yonse ikudya mbali yaikulu ya moto wake m'malo mwa kachigawo kochepa.

Inunso muganize ngati mwini fakitale, osati mwini injini chabe. Tiyerekeze mwapuntha tani imodzi ya mpunga. Mankhusu ake ndi pafupifupi makilogalamu 200, ndipo akapsa amapereka kutentha kokwana pafupifupi 780 kWh (kWh ndi yuniti ija imene timagulira magetsi). Injini yaing'ono ya silinda imodzi yotulutsira nthunzi panja kawirikawiri siipitirira 5 pa 100. Titati 4, pa lamba woyendetsa makina pafika 30 kWh yokha. Boila itati ikugwira 60 pa 100 ya motowo, kutentha kotuluka ndi nthunzi kuposa 400 kWh. Chimene mukufuna kugulira injini ndi 30, chimene chikufuka pa chumuni ndi 400. Ngati palibe ntchito ya 400 ameneyo, kunena zoona injini ya nthunzi siikuyenerani, ndipo ndalamazo zingachite bwino pa magetsi a dzuwa. Koma pamalo opunthira mpunga ntchito ya kutentha siisowa. Mpunga wokololedwa usanaume bwino umafunika kuumitsa, ndipo paipi za nthunzi zoyalidwa pansi pa thandala, ndi fani yokankha mphepo yofunda, zimaumitsa ngakhale kunja kuli mitambo. Mphepoyo ikhale yofunda chabe, cha m'madigiri 40, pakuti mpunga woumitsidwa mwaukali umang'aluka n'kusweka popuntha, ndipo Kilombero wosweka mukudziwa mtengo wake pamsika. Ku India ndi ku Thailand malo ambiri opunthira mpunga anayenda zaka zambiri ndi injini za nthunzi zosonkhezera mankhusu, ndipo ku India nthunzi imagwiranso ntchito yofutsa mpunga usanapunthidwe. Kwanuko kuli chinangwa chofuna kuumitsa, ndipo sukulu yogonera kapena chipatala chapafupi sichingakane madzi otentha.

Musanafike konseko, pali zotchipa zimene zimaiwalika. Kutirani boila, mapaipi ndi silinda ndi zotchinga kutentha. Paipi yosakutira imatembenuza nthunzi kukhala madzi isanafike pa pisitoni. Valavu yolowetsa nthunzi izitseka pisitoni isanafike kumapeto, kuti nthunzi imalize ulendowo ndi kufufuma kwake. Mankhusu nawo ali ndi khalidwe lawo: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi phulusa lolimba ngati mchenga, ndipo mukawaunjika mulu amangofuka osayaka. Amafuna chitsulo choyatsira chotsetsereka ngati masitepe kuti azitsika pang'onopang'ono mpweya ukulowa.

Pa paipi ya nthunzi yotuluka musaike valavu yoti munthu angatseke n'kuiwala, pokhapokha patakhala njira ina yotulukira imene imatseguka yokha. Paipiyo ikhale yotakata, yotsetserekera kumene madzi odontha angatulukire, chifukwa madzi akabwerera mu silinda pisitoni imawamenya ngati mwala n'kuswa chivundikiro.

Za boila yeniyeniyo ndilankhula mosabisa mawu, chifukwa ndaonapo zimene chitsulo chophulika chimachita. Madzi a m'boila ya 10 bar ali pa madigiri 180, ndipo chimene chikuwaletsa kuwira onse nthawi imodzi ndi khoma lachitsulo basi. Likang'ambika, gawo la madziwo limasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, ndipo kufufuma kuja kwa lita imodzi kukhala malita 1,700 kumachitikira m'shedi mwanu muli anthu. Diramu, silinda ya gasi yakale, thanki ya kompuresa, zonsezi si boila, ngakhale wowotcherera akhale katswiri wotani. Pezani boila yopangidwira ntchitoyo, yokhala ndi valavu yotulutsa pulesha ikapyola, geji yolondola ya pulesha, galasi loonetsa pamene madzi alekezera, ndi njira ziwiri zolowetsera madzi. Iyesedwe ndi madzi ozizira opanikizidwa isanaone moto, ndipo oyendera za chitetezo cha pantchito a ku unduna wa zantchito aione, monga malamulo amafunira.

Sabata ino ikani mankhusu anu pa sikelo tsiku lililonse, mulembe. Lembaninso malita a dizilo amene makina akumwa, ndi matumba a mpunga amene mumabweza kapena kuyanika panja chifukwa chosauma. Mukanditumizira manambala atatu amenewo tidzawerengera limodzi kukula kwa boila ndi kutalika kwa paipi za choumitsira.